Wotchi ya Gelesomu

Sitima inasiya kundifunsa nthawi
chaka chimene ndinapuma ntchito pa siteshoni ya Mchinji.
Masana mbuzi zimagona pa njanji,
koma zala zangazi zinakana kupuma.
Ndiye Loweruka ndimayala nsalu yoyera patebulo,
ndimatseka windo la kumsewu
kuopa fumbi la malole opita ku Mwami,
ndimakhoma kagalasi m'diso lakumanja
ngati munthu wosuzumira m'chitsime.

Lero afika mayi Esinati a kwa Kamwendo,
mapazi ali mbuu,
amasula mfundo ya chitenje ndi mano.
"Iyi anabwera nayo a Gelesomu kuchokera ku Joni.
Inaima chaka chimene anaima iwo.
Ndalama ndilibe, ndatenga mtedza."
Ndati, mayi, ine nthawi sindigulitsa,
ndimangoidzutsa ikagonereza.
Khalani pamthunzi apo.

Chivindikiro chakana, chakana, kenaka phwa!
M'katimo muli mudzi wa anthu ogona:
timagudumu ta mano ochepa kuposa chitowe,
timiyala tofiira khumi n'tisanu n'tiwiri,
mafuta akale aundana ngati phula m'mng'oma wothawidwa.
Pa dzino limodzi pakodwa katsitsi,
koyera, kopiringizika.
Ndakayang'ana nthawi yaitali.
Sindinaitane mayi Esinati.
Ndakaika m'bokosi la machesi.

Ndamasula chimodzichimodzi,
chilichonse m'chitsekerero chake cha botolo,
pamzere, poti mutu wanga tsopano ndi dengu lobooka.
Ndatsuka m'sipiliti,
ndatokosa timabowo ndi kansungwi kosongola.
Apa munthu supuma.
Mpweya wako womwe ndi kamvuluvulu.

Ndiye chifuwa, mdani wanga wakalekale,
chandipereka.
Kho!
Kasikuluwu kauluka osatsanzika.

Lekeleni, mdzukulu wanga, wasiya masamu ake,
watenga maginito a wayilesi yakufa,
akukwawa m'ming'alu ya simenti
ngati wosaka ngumbi mvula itakata.
Watola msomali. Watola mapini awiri.
Watola singano ya malemu mkazi wanga
imene tinaifuna mpaka kukangana.
Kasikuluwu kapezeka m'mpindiro wa buluku langa,
kali phee, ngati sikanalakwe.

Mafuta ake ndi dontho
losakwana kunyowetsa phazi la nyerere.
Ukaonjeza wamiza, ukachepetsa wakukuta mano.
Izi palibe anandiphunzitsa,
ndinaphunzira pa mawotchi anayi amene ndinapha ndekha,
ali m'chitini cha mkaka, sindiwataya.

Chomalizira ndi kagudumu kaja ka sipuling'i yonga ulusi wa kangaude.
Ndakakhazika. Ndakunga katatu.
Zii.
Kunja wa kabaza akuimba belu,
wina akutsatsa mbatatesi.
Ndakakhudza ndi nsonga ya chopanira,
kanjenjemera ngati mwanapiye wonyowa,
kapita uku, kabwerera,
kapitanso,
kenaka che, che, che, che,
mudzi wonse wadzuka kupita kumunda.

Mayi Esinati aiika kukhutu,
maso ali kuphiri, pakamwa pali pululu.
Ndati ndiikonze ndi nthawi ya pa foni.
"Ayi. Muipititse patsogolo mphindi khumi.
Mwini wake ankatero,
koma kutchalitchi ankachedwabe."

Ine, wa mbendera ndi wezulo,
amene ndinakalipira madalaivala zaka makumi atatu
chifukwa cha mphindi imodzi,
ndapotoza muvi, ndanamiza wotchi,
dzanja osanjenjemera.

Apita. Lamba ndi wamkulu pamkono pawo,
aikankhira pafupi ndi chigongono.
Ndakumbuka bokosi la machesi minibasi itanyamuka kale.

Lekeleni walitsegula, akutafuna mtedza wa malipiro,
wayang'ana katsitsi, wayang'ana mutu wanga.
"Agogo, aka si kanu?"

Kaya.
Ndalitseka, ndaliika m'chitini muja,
pamodzi ndi anayi osadzuka.